Cornelia Sorabji

Cornelia Sorabji (15 Novembala 1866 – 6 Julaye 1954) anali loya komanso mlembi wa mabuku wa ku India. Iye anali mkazi woyamba kumaliza maphunziro pa yunivesite ya Bombay, mkazi woyamba kulemba mayeso a zamalamulo pa yunivesite ya Oxford ku England, ndiponso mkazi woyamba kugwira ntchito yauloya ku India. Anakhoza mayeso a ku Oxford mu 1892, koma panadutsa zaka 31 asanaloledwe kukhala barrister, chifukwa mabungwe a maloya ndi makhoti a nthawi imeneyo sankalandira akazi. M'zaka zodikirazo anaphunzira ntchito mu ofesi ya maloya ku London, analembanso mayeso ena ku India, ndipo anapempha boma kuti likhazikitse udindo watsopano woti iye agwire. Pa udindowo anathandiza amayi ndi ana amasiye pafupifupi 600 pa nkhani za chuma ndi minda yawo.

Ubwana ndi banja

Sorabji anabadwira ku Nashik, kumadzulo kwa India, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa Britain. Bambo ake, a Sorabji Karsedji, anabadwira m'banja la mtundu wa Parsi koma analowa Chikhristu ndipo anadzakhala m'busa. Mayi ake, a Francina Ford, analeredwa ndi banja la Angelezi, ndipo dzina loti Cornelia linachokera kwa mayi amene anawalerawo. Banjali linakhalako ku Belgaum, kenako linakhazikika ku Poona, mzinda umene masiku ano umatchedwa Pune.

Makolo ake ankakhulupirira kuti mwana wamkazi ayenera kuphunzira mofanana ndi wamwamuna. Mayi ake anatsegula sukulu zingapo za atsikana ku Poona, ndipo amayi a m'deralo ankabwera kwa iwo kudzafunsa nzeru pa nkhani za chuma cha masiye. Cornelia anakula akumva madandaulo amenewa pakhomo pawo, ndipo zimenezi zinamupatsa mtima wofuna kuphunzira malamulo. Abale ake enanso anaphunzira kwambiri. Susie Sorabji anali mphunzitsi wodziwika, Alice anakhala dokotala, ndipo mlongo wawo Richard anakhala loya ku Allahabad.

Maphunziro ku India

Cornelia anayamba kuphunzira kunyumba ndi m'sukulu za mishoni. Kenako analowa koleji ya Deccan ku Poona, yomwe inali pansi pa yunivesite ya Bombay, ndipo anali mtsikana woyamba kulandiridwa pa kolejiyo. Anamaliza mu 1888 ndipo anakhoza m'gulu loyamba, kuposa anyamata onse a pa koleji yake.

Pa nthawiyo boma linali ndi thandizo la ndalama limene linkaperekedwa kwa wophunzira wokhoza bwino kuti akapitirize maphunziro ku England. Malinga ndi zotsatira za mayeso, Sorabji anayenera kulilandira, koma anamumana chifukwa choti anali mkazi. Posowa chochita, anapeza ntchito yongogwirizira yophunzitsa Chingelezi pa koleji ya Gujarat ku Ahmedabad, kumene ophunzira ake anali amuna.

Iye sanagwe ulesi. M'chaka chomwecho cha 1888 analembera kalata bungwe la National Indian Association ku London kupempha thandizo. Mary Hobhouse, mkazi wa Arthur Hobhouse yemwe anali loya wamkulu, anatsogolera ntchito yosonkha ndalama. Ena amene anaperekapo anali Adelaide Manning, Florence Nightingale ndi William Wedderburn. Ndalama zitakwana, Sorabji ananyamuka ndipo anafika ku England mu 1889.

Ku Oxford

Sorabji analowa koleji ya akazi ya Somerville. M'masiku amenewo akazi ankaloledwa kumvera maphunziro ena ku Oxford, koma sankawerengedwa ngati ophunzira enieni a yunivesite ndipo sankapatsidwa digiri. Mu 1890 William Anson, katswiri wa zamalamulo, anamuitana kuti aziwerengera mu laibulale ya Codrington pa koleji ya All Souls, mmene munali mabuku ambiri a malamulo. Palibe mkazi amene anali atapatsidwapo mwayi umenewu.

Sorabji anasankha kukonzekera mayeso a Bachelor of Civil Law, omwe mwachidule amatchedwa BCL. Awa ndi maphunziro apamwamba amene munthu amachita atatenga kale digiri yoyamba, ndipo ankadziwika kuti ndi ovuta kwambiri. Popeza malamulo a yunivesite sankalola mkazi kulowa m'mayesowa, panafunika chilolezo chapadera chochokera ku msonkhano wa akuluakulu a yunivesite. Benjamin Jowett, mkulu wa koleji ya Balliol, anali mmodzi mwa amene anamuyankhulira. Chilolezocho chinaperekedwa mu 1892. Sorabji analemba mayesowo n'kukhoza m'gulu lachitatu, koma digiri sanaione. Yunivesite ya Oxford inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1920.

Mmene munthu ankakhalira loya pa nthawiyo

Kukhoza mayeso a ku yunivesite pakokha sikunkachititsa munthu kukhala loya. Ku England maloya ali m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse linali ndi khomo lake lolowera.

Gulu loyamba ndi la ma solicitor, amene amakumana ndi anthu mu ofesi, kulemba mapangano ndi mawilo, ndi kukonza mapepala a mlandu. Wofuna ntchito imeneyi ankayenera kupeza solicitor wovomera kumuphunzitsa, n'kusainirana naye pangano lotchedwa articles. Ankagwira ntchito pansi pa loyayo kwa zaka zisanu, kapena zitatu ngati anali ndi digiri ya ku yunivesite yodziwika, ndipo kawirikawiri makolo ankalipira ndalama zambiri kuti mwana wawo apeze malowo. Ankayeneranso kukhoza mayeso a bungwe la Law Society.

Gulu lachiwiri ndi la ma barrister, amene amaima pamaso pa oweruza m'makhoti akuluakulu. Wofuna kukhala barrister ankayenera kulandiridwa ndi limodzi mwa mabungwe anayi akale a ku London, omwe ndi Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. Ankayenera kudya chakudya chamadzulo mu holo ya bungwelo kangapo pa teremu iliyonse kwa zaka pafupifupi zitatu, kukhoza mayeso, kenako n'kulandiridwa pa mwambo. Ambiri ankalipiranso barrister wodziwa kale ntchito kuti akhale m'chipinda chake kwa chaka, kuwerenga mapepala a milandu ndi kuona mmene ntchito imayendera.

Makomo onse awiriwa anali otsekeka kwa akazi. Sorabji sakanatha kusaina articles kapena kulowa mu Inn iliyonse. Komabe anapeza malo mu ofesi ya ma solicitor ya Lee and Pemberton ku Lincoln's Inn Fields mu London, ndipo anakhalamo pafupifupi chaka chimodzi. Mmenemo anaphunzira zimene mabuku a ku Oxford sakanamuphunzitsa: kalembedwe ka zikalata, kasamutsidwe ka umwini wa malo, ndi kayang'aniridwe ka chuma chosungira ena. Nthawi imeneyi siinawerengedwe ndi bungwe lililonse la maloya, koma luso limene anapeza ndi lomwe anadzagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri ku India.

Kubwerera ku India

Sorabji anabwerera kwawo mu 1894. Anayamba kuthandiza amayi otchedwa purdahnashin, kutanthauza okhala kuseri kwa nsalu yotchinga. Awa anali amayi a m'mabanja ena a Chihindu ndi Chisilamu, makamaka olemera, amene mwambo sunkawalola kuonana kapena kuyankhula ndi mwamuna wosakhala wa m'banja lawo. Ambiri mwa iwo anali ndi minda ikuluikulu ndi chuma chimene amuna awo anawasiyira.

Vuto lawo linali lakuti maloya onse anali amuna. Mayi wotere akafuna thandizo, uthenga wake unkadzera mwa achibale kapena akapitawo oyang'anira chumacho, ndipo nthawi zambiri anthu omwewo ndi amene ankamudyera masuku pamutu. Loya akabwera, ankayankhula ndi munthu wobisika kuseri kwa nsalu, osadziwa ngati amene akuyankha ndi mwini chuma weniweni. Amayi ena ankadinda zikalata zimene sankatha kuwerenga, n'kutaya nazo minda. Sorabji, pokhala mkazi, ankatha kulowa mpaka m'kati, kuonana ndi mayiyo maso ndi maso, ndi kumufotokozera zimene chikalata chikunena.

M'madera ena olamulidwa ndi mafumu a chi India, monga ku Kathiawar, ankapatsidwa chilolezo chapadera choyankhulira amayiwa pamaso pa akuluakulu a boma. Koma m'makhoti a boma la Britain analibe mphamvu yoimira munthu, popeza dzina lake silinali m'kaundula wa maloya. Pofuna kuthetsa vutoli, analemba mayeso a digiri ya malamulo a yunivesite ya Bombay mu 1897, ndipo mu 1899 analemba mayeso a maloya a khoti lalikulu la Allahabad. Anakhoza mayeso a ku Allahabad, koma khotilo linakana kumulemba m'kaundula. Chifukwa chake chinali chomwe chija.

Ntchito ku Court of Wards

Ataona kuti makhoti samutsegulira, Sorabji anayesa njira ina. Kuyambira mu 1902 anayamba kulembera India Office, ofesi ya ku London yoyang'anira nkhani za India, kupempha kuti boma lilembe ntchito mlangizi wamkazi wa zamalamulo woti azithandiza amayi ndi ana. M'pempho lake anafotokoza vuto limene linalipo, anasonyeza kuti palibe loya wamwamuna amene akanalithetsa, ndipo iye mwini anali ndi maphunziro ndi luso lofunika pa ntchitoyo.

Mu 1904 boma la chigawo cha Bengal linamulemba ntchito ngati mlangizi wamkazi ku Court of Wards. Iyi inali nthambi ya boma imene inkasunga ndi kuyendetsa minda ya eni malo amene sakanatha kuiyang'anira okha, monga ana amasiye osakhwima ndi amayi amasiye. Pofika mu 1907 ntchito yake inali itafalikira ku Bengal, Bihar, Orissa ndi Assam.

Ntchitoyi inkafuna kuyenda maulendo ataliatali. Ankayenda pa sitima ya pamtunda, pa boti, pa machira, nthawi zina pa njovu, kuti akafike kumidzi kumene amayiwo ankakhala. Akafika ankaona mabuku a ndalama, kumva madandaulo, kuyanjanitsa achibale okangana, ndi kulemba malipoti opita kwa akuluakulu a boma. Ankaonetsetsanso kuti ana olowa chuma akuphunzira ndiponso kuti odwala akuonana ndi dokotala kapena namwino wamkazi. M'zaka pafupifupi 20 anathandiza amayi ndi ana pafupifupi 600, ndipo ena sankawalipiritsa. Mu 1909 boma linamupatsa mendulo ya golide ya Kaisar-i-Hind chifukwa cha ntchitoyi. Anapuma pa udindowu mu 1922.

Kusintha kwa malamulo

Pamene Sorabji ankagwira ntchito ku Bengal, akazi ena ankagogodanso pa khomo lomwelo. Ku England, mu 1913, Gwyneth Bebb ndi anzake atatu anasumira Law Society itakana kuwalola kulemba mayeso oyambira kuti asaine articles. Khoti la apilo linagamula kuti mkazi sali m'gulu la anthu amene lamulo la ma solicitor la 1843 limawatchula, popeza kuyambira kalekale panalibe mkazi amene anagwirapo ntchitoyo. Ku India, mu 1916, khoti lalikulu la Calcutta linakana pempho la Regina Guha pa chifukwa chofanana, ndipo mu 1921 khoti lalikulu la Patna linakananso Sudhansubala Hazra.

Zinthu zinasintha nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha. Mu Disembala 1919 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la Sex Disqualification (Removal) Act, loletsa kukaniza munthu ntchito ngati yauloya chifukwa choti ndi mkazi. Ivy Williams anakhala barrister wamkazi woyamba ku England mu Meyi 1922, ndipo Carrie Morrison anakhala solicitor wamkazi woyamba mu Disembala chaka chomwecho.

Ku India, khoti lalikulu la Allahabad, lomwe linamukana Sorabji atakhoza mayeso a 1899, linamulemba m'kaundula wa maloya mu 1921. Mu 1922 anapita ku England, kumene analandira digiri yake ya BCL patatha zaka 30 chilembereni mayeso, ndipo analowa Lincoln's Inn. Analandiridwa kukhala barrister mu 1923 ali ndi zaka 56. Sanakhale mkazi woyamba wa ku India kulandira ulemuwu, chifukwa Mithan Tata, yemwe anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zoposa 30, anali atalandiridwa pa Lincoln's Inn pomwepo kumayambiriro kwa chakacho. M'chaka chomwecho cha 1923 ku India kunakhazikitsidwa lamulo la Legal Practitioners (Women) Act, lomwe linatsegulira akazi ntchito yauloya m'makhoti onse a dzikolo.

Ku khoti lalikulu la Calcutta

Mu 1924 Sorabji anayamba kugwira ntchito ngati barrister ku khoti lalikulu la Calcutta. Lamulo linali litasintha, koma maganizo a anthu anali asanasinthe. Barrister amadalira maloya ena kuti amubweretsere milandu, ndipo ambiri sankafuna kupereka mlandu kwa mkazi. Choncho nthawi yambiri ankangolemba malangizo a zamalamulo pa mapepala, osaima pamaso pa woweruza. Anzake aamuna amene anaphunzira nawo nthawi imodzi anali atagwira kale ntchitoyi kwa zaka 30 ndipo anali ndi mbiri komanso makasitomala, pamene iye ankayamba kumene ali pafupi ndi zaka 60. Anasiya ntchito ya kukhoti mu 1929.

M'zaka zimenezi anagwiranso ntchito ndi mabungwe a amayi, monga nthambi ya ku Bengal ya National Council of Women in India ndi Bengal League of Social Service for Women, pa nkhani za umoyo wa amayi ndi ana.

Maganizo ake pa ndale

Pa ndale Sorabji anasiyana ndi anthu ambiri a m'dziko lake. Ankakhulupirira kuti ulamuliro wa Britain unali wofunika ku India, ndipo ankatsutsa njira ya Mahatma Gandhi yolimbana ndi boma pokana kumvera malamulo ake. Ankanenanso kuti miyambo yokhudza amayi iyenera kusintha pang'onopang'ono kudzera m'maphunziro, osati mokakamiza. Ankadana ndi kukwatiwitsa ana aang'ono komanso nkhanza zochitira amayi amasiye, koma sankafuna kuti mwambo wokhala kuseri kwa nsalu uthetsedwe mwadzidzidzi.

Mu 1927 anaikira kumbuyo buku la Katherine Mayo, mlembi wa ku America, lotchedwa Mother India. Bukuli linakwiyitsa anthu ambiri ku India chifukwa linkanyoza chikhalidwe chawo ndi kunena kuti sanakonzeke kudzilamulira. Kuyambira pamenepo Sorabji anataya anzake ambiri, ndipo omenyera ufulu wa dzikolo ankamuona ngati wa mbali ya atsamunda. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dzina lake linazimiririka kwa zaka zambiri India atalandira ufulu mu 1947.

Mabuku ake

Sorabji analemba mabuku angapo m'Chingelezi, ndipo ambiri amafotokoza moyo wa amayi amene ankawathandiza. Ena mwa iwo ndi Love and Life behind the Purdah la mu 1901, Sun-Babies la mu 1904 ndi Between the Twilights la mu 1908. Analembanso mbiri ya makolo ake mu 1924 ndi ya m'bale wake Susie mu 1932. Mbiri ya moyo wake anailemba m'mabuku awiri, India Calling la mu 1934 ndi India Recalled la mu 1936. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anasonkhanitsa zolemba za buku la Queen Mary's Book for India, lomwe linatuluka mu 1943.

Imfa ndi chikumbutso

Atapuma pa ntchito, Sorabji anakhazikika ku London, ndipo poyamba ankapitabe ku India nthawi ndi nthawi. Sanakwatiwepo. Anamwalira ku London pa 6 Julaye 1954 ali ndi zaka 87. Makalata ndi zolemba zake zambiri zimasungidwa ku British Library.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900 olemba mbiri anayambanso kufufuza za moyo wake. Mu 2010 Richard Sorabji, mwana wa mlongo wake yemwe ndi katswiri wa filosofi, anatulutsa buku la mbiri yake lotchedwa Opening Doors. Mu 2012 chiboliboli chake chinaikidwa ku Lincoln's Inn, bungwe lomwe sakanaloledwa kulowamo pamene ankaphunzira ntchito mu ofesi ya pafupi nalo. Koleji ya Somerville inakhazikitsa thandizo la maphunziro m'dzina lake mu 2016, lothandiza ophunzira a ku India ofuna kuchita maphunziro apamwamba a zamalamulo ku Oxford. Pa 15 Novembala 2017 kampani ya Google inaika chithunzi chake pa tsamba lake loyamba pokumbukira kuti patha zaka 151 chibadwire.